Galu wanga wazaka 2 amupeza ndi khansa ya pakhungu: ndilole opaleshoni?

Funso: Adokotala, ndili ndi galu wamwamuna dzina lake Bingo, wazaka 2 ndi theka. Mayi ake anali Boxer. Miyezi 3 yapitayo ndinamuona kachotupa pantchafu ngati kambewu ka mtedza. Tsiku lina kankakula, tsiku lina n'kuphwa, ndiye ndinkangoti ndi mphutsi kapena chamuluma chinachake. Sabata yatha adokotala a ziweto anakabaya ndi singano n'kuyeza, ndipo akuti ndi khansa yotchedwa mast cell tumour. Akufuna kumuchita opaleshoni Lachinayi likubwerali. Chimvereni nkhaniyi tulo sindikutiona. Kodi afa? Galu wamng'ono chonchi khansa waitenga kuti? Kapena ndinachedwa ndine? Ena akundiuza kuti khansa ukaidula imafalikira, ena akundiseka kuti ndikulirira galu. Ndithandizeni. Mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, pepani kwambiri. Ndiyambe ndi chimene mukufunitsitsa kumva: lolani opaleshoniyo ichitike, ndipo musaikankhire kutsogolo. Koma musanamusiye Bingo m'manja mwa adokotala Lachinayi, mugwirizane nawo zinthu ziwiri: kuti adule motakasuka, osati kungotumbula kachotupako, ndiponso kuti chimene adulacho chisatayidwe koma chitumizidwe ku labotale. Zina zonse ndilembe pansipa zikutsamira pa ziwirizi. Liwu loti khansa limene mwamvalo silinatiuze kalikonse za masiku a galu wanu. Matenda amenewa ali ndi nkhope ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo singano yokha singatiuze bwinobwino nkhope imene Bingo wakumana nayo.

Maselo otchedwa mast cell ali m'thupi mwa galu aliyense wabwinobwino, ngakhalenso mwa inu ndi ine. Amakhala pakhungu, m'matumbo ndi m'njira za mpweya, ndipo ntchito yawo ndi kukuwa thupi likalowedwa ndi chachilendo. Njuchi ikakulumani malowo n'kutupa, kufiira ndi kuyabwa, ndi iwowo agwira ntchito. M'kati mwawo muli timatumba todzaza mankhwala, ena mwa iwo ndi histamine, amene amatupitsa ndi kuyabwitsa, ndi heparin, amene amachedwetsa magazi kuundana. Adokotala anu atayamwa timadzi ndi singano ija anatipaka pakagalasi, n'kuthira utoto, n'kuika pa maikulosikopu. Chimene chimaoneka pamenepo sichiiwalika: maselo obulungira, lililonse lodzaza timadontho tofiirira mwakuda ngati munthu wawazapo mawere, tina titatayikira panja pomwe selo laphulika. N'chifukwa chake matendawa ndi amodzi mwa ochepa amene timatha kuwatchula dzina tsiku lomwelo popanda kudula.

Kukula ndi kuphwa kumene munkaona kuja ndi khalidwe lake lenileni la chotupachi. Galu akachikanda, akachinyambita kapena akachigonera, timatumba tija timaphulika, malowo n'kufufuma. Pakapita maola kapena tsiku chimaphwa, mwini galu mtima n'kukhala pansi. Chimanamiza anthu ambiri, ngakhale ife amene tinapita kusukulu ya ntchitoyi, chifukwa chimatha kuoneka ngati njerewere, ngati chithupsa, ngati kamafuta kofewa pansi pa khungu. Choncho kuyambira lero mpaka Lachinayi musachifinye, musachitofunetofune pofuna kuona ngati chakula, musachithowe ndi madzi otentha, ndipo ana muwauze kuti asachigwire. Mankhwala azitsamba opaka, mafuta a galimoto, phulusa, zonsezi ayi. Kuchisautsa kumangotulutsa histamine wambiri, ndipo histamine akachuluka m'magazi amachulukitsa asidi m'mimba mpaka kuyambitsa zilonda.

Za kuchedwa zija, mtima wanu usakutsutseni. Kuno kwathu galu akatuluka kachotupa pakhungu, maganizo oyamba a munthu aliyense wodziwa agalu amapita ku mphutsi, makamaka nthawi ya mvula ndi ya mango, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Kusiyana kwake n'koti chotupa cha mphutsi chimakhala ndi kabowo pakati kotuluka timadzi, ndipo sichitha mwezi mphutsiyo isanatuluke. Inu munaona kuti ichi sichikuchoka, n'kupita nacho kwa odziwa. Ambiri amatibweretsera galu chotupa chitafika ngati papaya ndiponso chitaphulika. Ndikuuzeninso kuti chotupa chimene chatha miyezi osathamanga kukula, chosaphulika, kawirikawiri chimakhala cha mtundu wofatsa uja. Si lamulo, koma ndi chizindikiro chimene chimatipatsa mphamvu.

Nanga galu wamng'ono chonchi waitenga kuti? N'zoona kuti agalu ambiri amene timawapeza ndi mast cell tumour amakhala azaka 8 kapena 9, koma matendawa sayang'ana zaka, amapezeka ngakhale mwa ana agalu osakwana chaka. Pa zotupa 5 zilizonse za pakhungu la agalu, pafupifupi 1 chimakhala chimenechi, ndipo pa khansa zonse za pakhungu la galu imeneyi ndiyo imapezeka kwambiri. Yankho lalikulu lili m'magazi a mayi ake. Ma Boxer, ma Bulldog, ma Pug, ma Boston terrier, ma Labrador, ma Staffordshire bull terrier ndi ma Rhodesian Ridgeback amadwala matendawa kuposa mitundu ina. Si nsima imene munkamupatsa, si katemera wa chiwewe, si mankhwala a nkhupakupa, ndipo palibe munthu wamuchita chipongwe. Pali kankhani kabwino kobisala pomwepa: ngakhale ma Boxer amatuluka zotupazi pafupipafupi, zambiri mwa izo zimakhala za mtundu wofatsa. Akanakhala Shar-Pei, galu wa makwinya uja, ndikanalemba ndi nkhawa yoposa iyi, chifukwa mwa iwo matendawa amabwera akadali aang'ono ndipo amakonda kulusa.

Pali chotupa china cha agalu aang'ono, chotchedwa histiocytoma, chooneka ngati batani lofiira lopanda ubweya, chimene chimatha chokha pakapita miyezi 2 kapena 3. Mukamva wina akunena kuti galu wake anali ndi chonga chomwecho ndipo chinangozimirira, mwina akunena chimenechi. Musatengere pamenepo. Cha Bingo chayezedwa, timadontho tija taoneka, ndipo chotere sichidikiridwa.

Tsopano mawu aja oti khansa ukaidula imafalikira. Ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo sindiwanyoza, chifukwa anthu amawanena ataona zinthu ndi maso awo. Anaona wachibale amene anapita kuchipatala matenda atafika kale patali, anachitidwa opaleshoni, pasanapite nthawi n'kumwalira. Mpeni unapeza matenda atayenda kale, koma mlandu unagwera mpeniwo. Palinso china chimene chimachitikadi, ndipo ichi ndicho ndikufuna muchimvetse bwino chifukwa chikukhudza Lachinayi lanu. Chotupa cha mast cell sichikhala ngati mbatata imene umakumba n'kuizula yonse. Chimene mukuchigwira ndi chala ndi mutu chabe. M'mbali mwake muli timizu ta maselo tosaoneka ndi maso, tolowerera m'khungu looneka labwinobwino. Munthu akadula mongotsata m'mphepete mwa chotupacho, timizu timeneti timatsala, ndipo pakapita miyezi chimamera pachipsera pomwepo, nthawi zina chili ndi anzake. Owona amati mpeni wafalitsa. Zoona zake n'zoti mpeniwo unadula moumira.

N'chifukwa chake timadula mozungulira chotupacho kusiya mpata wa masentimita 2, nthawi zina 3, mbali zonse, ndipo kupita pansi timachotsa pamodzi ndi kanembanemba kolimba kamene kamakuta mnofu, kuti kakhale ngati mphasa yonyamulira zonse zili pamwamba pake. Tawerengerani nokha. Chotupa cha masentimita 2, kuwonjezera 2 uku ndi 2 uko, ndi dzenje la masentimita 6 m'lifupi. Kuti khungu likumane bwino posoka, dzenjelo timalitalikitsa ngati tsamba la mango. Mapeto ake galu amene analowa ndi kachotupa ngati mtedza amatuluka ndi mzere wa ulusi wotalika masentimita 12 kapena 15, ntchafu yonse itametedwa. Ndikukuuziranitu kuti musadzakomoke pokamutenga, ndiponso musadzaganize kuti adokotala apeza zoopsa m'katimo. Ine bala lalitali pa matenda awa limandikhazika mtima pansi. Limene limandidetsa nkhawa ndi kabala kokongola ka timaulusi 3. Mwayi wa Bingo ndi woti chotupa chili pantchafu, pamene khungu ndi lotambasuka ndipo pansi pali mnofu wochindikala. Chikanakhala pakati pa zala, pamlomo kapena kumaliseche, nkhani ikanavuta, chifukwa malo amenewo khungu ndi lochepa ndipo zotupa zakumeneko zimakonda kukhala zaukali.

Ndimakumbukira galu wina wamkazi, wofiirira, wa bambo wina wachikulire, amene anabwera naye kwa ine chotupa chitamera kachiwiri m'nthiti. Poyamba anamudula kwina, mwachangu ndiponso motchipa, ndipo kanyamako kanatayidwa. Nditamugoneka patebulo n'kumeta, pachipsera chakale panali timibulu 4 tondondozana ngati mikanda, khungu lozungulira litafiira ndi kulimba. Kuti ndichotse zonsezo ndinayenera kudula chigamba chachikulu kuposa chikhatho changa ndi kukoka khungu kuchokera kumsana kuti nditseke. Galuyo anachira, anakhala zaka zina zingapo, koma bamboyo analipira kawiri ndipo galu anamva ululu kawiri. Pochoka anandifunsa funso limene sindinathe kuliyankha: kodi choyamba chija chinali cha mtundu wanji? Panalibe wodziwa, chifukwa chinapita kudzala. Opaleshoni yoyamba ndiyo imakhala ndi mwayi waukulu wochiritsa, ndipo mwayi umenewo subweranso chimodzimodzi.

Apa ndiye pakubwera labotale. Chodulidwacho chimaikidwa m'botolo la formalin, mankhwala oletsa nyama kuwola, n'kutumizidwa kwa katswiri woyeza minofu, kawirikawiri kunja, makamaka ku South Africa, ndipo zotsatira zimatenga masabata 2 kapena 3. Katswiriyo amayankha mafunso awiri. Loyamba: chotupachi n'chaukali bwanji? Pali njira ziwiri zoyezera ukaliwo ndipo malipoti ambiri amalemba zonse. Yakale, ya Patnaik ya mu 1984, imagawa zotupa m'magulu 3: grade 1 yofatsa, grade 3 yolusa, grade 2 yapakati. Vuto lake linali loti zotupa zambiri zinkagwera pakatipo, mwini galu n'kutsala osadziwa ngati aseke kapena alire. Mu 2011 kunabwera njira ya Kiupel, imene imangoti low grade (chofatsa) kapena high grade (cholusa), poyang'ana mwa zina kuchuluka kwa maselo amene agwidwa ali m'kati mogawikana. Nambala imeneyo palipoti imalembedwa kuti mitotic count, ndipo ikakhala yaing'ono ndi nkhani yabwino. Funso lachiwiri: kodi m'mphepete mwa chodulidwacho ndi moyera, kapena maselo a khansa afika mpaka pomwe mpeni unadutsa? Apempheni adokotala anu kuti alembe pafomu kuti mukufuna yankho la m'mphepetemo, ndipo akupatseni kope la lipotilo musunge.

Ndikudziwa kuti kuyezetsaku ndi ndalama ina pamwamba pa ya opaleshoni, ndipo masiku ano thumba la aliyense ndi lobooka. Koma mukandifunsa pomwe mungachepetse, ndinena kuti chepetsani pena paliponse kupatula apa. Zakudya zodula za m'masitolo, mavitamini, mankhwala amene amalengezedwa pa Facebook kuti amapha khansa, zonsezo zisiyeni. Popanda lipotilo mudzakhala zaka mukugona ndi diso limodzi, kapena mudzagona tulo tofa nato pamene mumayenera kuchitapo kanthu. Ngati ndalama sizikukwana, auzeni adokotala mosabisa Lachinayi lisanafike. Ambiri a ife timalola kulipira pang'onopang'ono, ndipo nyama ikakhala mu formalin siwonongeka, ikhoza kudikira mpaka malipiro a mwezi atuluke. Chosatheka ndi kukaitola kudzala.

Lachinayi lisanafike pali tinthu tingapo tofunika kukambirana. Pemphani kuti amuyeze magazi. Kuno nkhupakupa ndi zambiri, ndipo matenda amene zimafalitsa amatha kukhala mwa galu wooneka wathanzi n'kumuchepetsera magazi kapena timaselo toundanitsa magazi. Kuphatikiza zimenezo ndi heparin wa m'chotupa, bala likhoza kuvuta kusiya kukha. Funsaninso ngati agwira mwanabele wapafupi ndi chotupacho, amene pa ntchafu amakhala kuseri kwa bondo kapena m'mphechepeche. Matendawa akafuna kuyenda amayambira kumeneko, kenako kapamba (spleen) ndi chiwindi. Mwanabeleyo amabayidwa ndi singano ngati chotupa chija, ndipo akakayikitsa amachotsedwa tsiku lomwelo. Adokotala ambiri amayambitsiratu mankhwala oletsa histamine, monga chlorpheniramine amene mumamudziwa kuti Piriton, ndi oteteza m'mimba monga omeprazole kapena famotidine. Muyezo wake uchokere kwa iwo malinga ndi kulemera kwa galu. Usiku wa Lachitatu adye chakudya chake chamadzulo, kenako mbale ichotsedwe, ndipo muuze aliyense pakhomo, kuphatikizapo alonda ndi ana, kuti m'mawa asamuponyere kalikonse. Za madzi akumwa tsatirani zimene adokotala anene. Pa mankhwala ogonetsa, ubwana wa Bingo umene ukukulizaniwo ndiwo ukumuthandiza: mtima, impso ndi chiwindi zazaka 2 zimapirira bwino kuposa za galu wokalamba, ndipo bala limapola msanga.

Mukakamutenga adzakhala wozunguzika, maso ofooka, mwina akulira pang'onopang'ono. Kulira kwa usiku woyamba nthawi zambiri ndi mankhwala ogonetsa akuchoka m'thupi. Muikeni m'nyumba, pamalo ouma, pabulangete lochapa, kutali ndi masitepe ndi agalu anzake. Madzulo mupatseni chakudya chochepa, ndipo akakana musamukakamize. Mawa lake ambiri amadzuka ngati palibe chachitika, ndipo vuto lenileni limayambira pamenepo, chifukwa galu wazaka 2 wa magazi a Boxer sadziwa kukhala pansi. Kwa masiku 10 mpaka 14, kufikira ulusi utachotsedwa, asathamange, asadumphe, asasambe, ndipo potuluka kukadzithandiza akhale pa chingwe. Ntchafu imakokeka pa sitepe iliyonse, ndipo mabala a matendawa amatha kuchedwa kugwirana.

Mdani wamkulu wa bala ndi lilime la galuyo. Anthu amati malovu a galu ndi mankhwala, koma ine ndasokapo kachiwiri mabala ambiri amene galu anamasula usiku umodzi wokha. Kolala ya pulasitiki yonga fanulo ija ivalidwe usana ndi usiku. Masiku awiri oyamba adzagunda nayo zitseko, adzaima pakati pa chipinda mutu uli pansi ngati wolakwiridwa, ndipo mtima wanu udzafuna kumuvula. Musamuvule. Kwezani mbale yake pa njerwa kuti azidya bwino, ndipo tsiku lachitatu adzakhala atazolowera. Kolala ikasowa, kandowa kapulasitiki kopepuka kobooledwa pansi, m'mphepete mokulungidwa nsalu kuti musacheke khosi, n'kumangiriridwa ku lamba wa m'khosi, kamagwira ntchito yomweyo, bola kapitirire nsonga ya mphuno. Mdani wachiwiri ndi ntchentche. Bala lonyowa pa galu wogona panja nyengo yotentha limatha kugwa mphutsi m'masiku ochepa, ndiye masabata awiri amenewa Bingo akhale wa m'nyumba, ngakhale pakhomo panu lamulo litakhala loti galu salowa.

Muziliyang'ana balalo m'mawa ndi madzulo pamalo owala, ndipo kulijambula pafoni tsiku lililonse kumathandiza kuona kusintha. Kufiira pang'ono ndi kutupa pang'ono m'mbali mwa ulusi n'kwabwinobwino. Nthawi zina pansi pa bala pamasonkhana madzi, n'kupanga chotupa chofewa chogwedezeka ngati thumba la madzi, chosapweteka. Eni agalu ambiri amandiimbira akunjenjemera kuti khansa yabwerera sabata yomweyo. Kawirikawiri amakhala madzi chabe odzaza mpata umene watsala, ndipo amauma okha, koma akaoneni adokotala, musaboole nokha. Zimene zikufuna kuthamanga tsiku lomwelo ndi izi: bala kutseguka, mafinya kapena fungo, magazi osasiya, kusanza kobwerezabwereza, chimbudzi chakuda bii ngati phula, nkhama zotuwa, kapena galu kukana kudya kupitirira tsiku limodzi. Ndipo chonde, musamupatse mankhwala opha ululu a anthu. Brufen ndi diclofenac amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ndipo galu wa matenda awa m'mimba mwake muli kale pangozi. Ngati mukuona kuti akumva ululu, imbani foni, adokotala ali ndi mankhwala oyenera.

Kenako kudzabwera kudikira lipoti, ndipo kwa eni agalu ambiri nthawi imeneyi imawawa kuposa opaleshoni. Ndikuuzeni zimene zingatulukemo kuti musamadzipangire zithunzi usiku. Likanena kuti low grade, m'mphepete moyera, mwanabele wabwino, ndiye kuti opaleshoni yokhayo yakwanira. Agalu ochuluka kwambiri a gulu limeneli amachira, amakalamba, n'kudzafa ndi zina. Poona mtundu wa Bingo, malo a chotupa ndi kayendedwe kake kodekha, kumeneku ndiko ndikuyembekezera, ngakhale sindingakulonjezeni ndisanaone pepalalo. Likanena kuti low grade koma m'mphepete mwatsala maselo, njira yabwino kuno ndi kudulanso mozungulira chipsera chija. Kuwotcha maselo otsalawo ndi cheza champhamvu (radiation) kumathandizanso, koma kwa ziweto kumafuna ulendo wa ku South Africa. Si zonse zotsala zimene zimameranso, choncho nthawi zina timagwirizana ndi mwini galu kungoyang'anira mwatcheru.

Likanena kuti high grade, sindikunamizani, nkhani imakhala yolemera. Zotupa zimenezi zimabwerera ndi kufalikira, ndipo zikasiyidwa ndi opaleshoni yokha nthawi imawerengedwa m'miyezi. Komabe manja sakhala omangika. Timaunika chiwindi ndi kapamba, ndipo pali mankhwala olimbana ndi khansa otchedwa chemotherapy, kawirikawiri vinblastine wobaya mumtsempha pamodzi ndi mapiritsi a prednisolone, kapena lomustine. Musaganize za mmene munaonera anthu akuvutikira ndi mankhwalawa. Kwa agalu timapereka muyezo wofuna kuti galu azidya ndi kusewera, ambiri sathothoka ubweya, ndipo amene amadwala nawo kwambiri ndi ochepa. Kulinso mapiritsi olimbana ndi kachilema ka m'maselo kotchedwa c-kit, monga toceranib, wogulitsidwa ndi dzina la Palladia, amene anavomerezedwa ku America mu 2009. Mudzawerenganso pa intaneti za Stelfonta, jakisoni wobaya m'chotupa momwemo, wochokera ku mbewu za mtengo wina wa ku Queensland ku Australia, amene anavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2020. Amawoletsa chotupa n'kusiya bala lotseguka lopola lokha. Ndi wodula, kuno sapezeka wamba, ndipo chotupa chikawola palibe chotumiza ku labotale. Kwa chotupa cha pantchafu chimene mpeni ungachifikire bwino, ine ndingasankhe mpeni. Ndipo ngati lipoti litadzakhala loipa, inu n'kuona kuti chemotherapy simungaikwanitse, kumusunga Bingo wopanda ululu ndi mankhwala otchipa monga prednisolone ndi oteteza m'mimba ndi chisamaliro chenicheni, palibe angakuweruzeni.

Simunafunse, koma ambiri amaopa chamumtima: matendawa sapatsirana. Ana akhoza kumusisita, agalu anzake akhoza kudya naye. Khansa ya agalu imene imapatsirana ilipo, ndipo kuno timaiona kwambiri mwa agalu oyendayenda: ndi ija yotuluka kumaliseche ngati kolifulawa wokha magazi, yopatsirana pokwerana, imene imachira bwino ndi jakisoni wa vincristine wa sabata ndi sabata. Imeneyo ndi ina, ndipo ngakhale iyo sigwira anthu.

Za okusekani aja. Ndakhala ndikuona amuna akuluakulu akupukuta misozi pakhomo la chipinda changa cha opaleshoni, kenako n'kupepesa ngati achita chamanyazi. Galu amene amakulandirani pageti tsiku lililonse, amene amagona pakhomo panu inu muli m'tulo, kumudera nkhawa si misala. Simukuyenera kutsutsana ndi aliyense. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri amene akumvetsa, muziyankhula nawo, ndipo mmodzi wa iwo akuperekezeni Lachinayi kuti adzagwire galu m'galimoto pobwerera. Ngati pakhomo pali ana, auzeni zoona mwachidule, kuti Bingo ali ndi chotupa choipa, adokotala achichotsa, ndipo ntchito yawo ndi kuona kuti kolala isavulidwe. Ana akapatsidwa ntchito mantha amachepa. Kumbukiraninso kuti Bingo liwu loti khansa sakulidziwa. Chimene akuona ndi nkhope yanu, ndiye masiku atsalawa muziyenda naye monga mwa masiku onse, adye nthawi yake, asewere.

Chinthu chimodzi chidzasintha mpaka kalekale, ngakhale lipoti litakhala labwino chotani. Galu amene watulukapo chotupa chimodzi, makamaka wa magazi a Boxer, akhoza kudzatuluka china pamalo ena. Nthawi zambiri chimenecho sichikhala choyamba chija chitafalikira, chimakhala chatsopano, ndipo chimayezedwa ndi kuchotsedwa pachokha. Choncho sankhani tsiku limodzi pamwezi, mwina lomwe mumamuthira mankhwala a nkhupakupa, mumugoneke pakhonde ndi kuyendetsa manja thupi lonse: kuseri kwa makutu, m'khosi, m'khwapa, m'mimba, m'mphechepeche, pakati pa zala, pansi pa mchira, ndi pachipsera pomwe. Mukapeza kanthu, kajambuleni mutaika ndalama yachitsulo pambali pake, mulembe tsiku. Kakafika kukula ngati nsawawa, kapena kakatha mwezi kasanachoke, kabayidwe ndi singano ngakhale kakuoneka kosalakwa. Chaka choyamba muzipita naye kwa adokotala miyezi 3 iliyonse kuti akagwire chipsera ndi anabele. Lipoti likafika, nditumizireni mawu ake onse monga alembedwera, makamaka mzere wa grade, wa mitotic count ndi wa m'mphepete, tidzaliwerenge limodzi.